MWANA WOKONDA KOMPYUTA ASATAYE PENSULO: MBIRI YA BAMBO JOHN MAEDA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Makolo ambiri masiku ano ali ndi dandaulo limodzi, ndipo dandaulolo likumveka m'matauni ndi m'midzi momwe. Akuti mwana akangogwira foni kapena kukhala pa kompyuta saitanikanso. Nsima imazizira m'mbale, iye maso ali pagalasi. Komatu pakati pa ana otere alipo ena amene sakhutira ndi kuonerera chabe. Iwo amafuna kudziwa chimene chimachititsa makinawo kuti amvere munthu. Amajambula, amasinthasintha zilembo, amakonzera achibale makadi a ukwati ndi anzawo zikwangwani za mpira. Tsono kholo lililonse lanzeru limadzifunsa kuti: kodi chidwi chotere chidzampatsa mwanayu chakudya, kapena ndi masewera amene adzatha pamodzi ndi ubwana?

Funsoli n'loyenera, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi mawu ongosangalatsa m'makutu. Chifukwa chake tafuna kukufotokozerani, inu awerengi athu, mbiri ya Bambo John Maeda a ku America, amene anayamba monga ana aja, ndipo m'kupita kwa zaka anakhala mmodzi mwa akatswiri odziwika pa dziko lonse pa ntchito ya dizaini ya pakompyuta. Mbiri yawo ikutionetsa kuti chidwi cha paubwana ndi mbewu yabwino ndithu, koma kuti mbewuyo inabala chifukwa mwini wake, atadziwa kale makina, anadzichepetsa nakaphunzira kujambula ndi dzanja.

NTCHITO YAKE NJOTANI?

Tisanapite patali, tiyenera kumvana za ntchito imene tikunenayi. Pamene munthu atumiza ndalama pafoni, amaona mndandanda wa mawu: choyamba ichi, chachiwiri icho, kenaka foni imamfunsa ngati watsimikiza. Mndandandawo sunagwe kumwamba. Alipo munthu amene anakhala pansi naganiza kuti ndi mawu ati ayambe, ndi ati atsirize, zilembo zikule motani kuti nkhalamba ya maso ofooka iwerenge, ndiponso pakhale chenjezo lotani kuti munthu wolakwitsa nambala asataye ndalama zake. Imeneyo ndiyo dizaini ya pakompyuta. Mmisiri wake amakonza maonekedwe ndi kayendedwe ka zonse zimene timaona pagalasi la foni ndi la kompyuta. Akaigwira bwino ntchito yake, palibe amene amamkumbukira. Akailakwitsa, anthu zikwizikwi amasokera tsiku limodzi.

Ntchito yotere imafuna nzeru ziwiri. Ina ndi ya masamu ndi malamulo a makina. Ina ndi ya diso, yodziwa kukula, mtundu, malo ndi dongosolo. Masukulu ambiri amalekanitsa nzeru ziwirizi, naika ana ena uku ndi ena uko. Apa m'pamene mbiri ya Bambo Maeda ikuyambira.

MWANA WA M'FAKITALE YA TOFU

Bambo Maeda anabadwa m'chaka cha 1966 mumzinda wa Seattle, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la America, m'banja lochokera ku Japan. Atate awo anali ndi kafakitale kakang'ono kopanga tofu, chakudya chimene anthu a ku Japan ndi China amachikonda. Tofu amapanga ndi soya yemweyu timalima kuno. Amamuviika m'madzi, kumpera, kumphika, ndi kusefa madzi ake oyera onga mkaka. Madziwo amawathira mchere wina wowagwiritsa, kenaka nkuwapsinja m'mabokosi mpaka ataumbika. Ntchitoyi imayamba usiku kusanache, ndipo ana a m'banjamo ankathandiza makolo awo. Bambo Maeda anenapo kawirikawiri kuti kwa iwo kupita kusukulu kunali ngati kupumula.

Pali nkhani ina imene iwo eni amakonda kusimba. Tsiku lina mphunzitsi anauza atate awo kuti mwanayo amakhoza masamu ndi zojambula. Koma posimbira munthu wodzagula tofu, atate aja anangoti mwana wawo amakhoza masamu; za zojambula sanazitchule konse. Mnyamatayo anamva, ndipo anazindikira kuti mwa mphatso zake ziwiri, imodzi yokha ndiyo inali ndi mtengo pamaso pa akulu.

Tisafulumire kuwaweruza atate amenewa. Munthu amene amadzuka pakati pa usiku kuti ana ake adye amafuna mwana wake adzapeze ntchito yodalirika, ndipo m'masiku amenewo palibe akanalota kuti kujambula ndi makina owerengetsa zidzakumana. Ndi atate omwewo amene anatulutsa ndalama zopezeka ndi thukuta nagulira mwana wawo kompyuta ya Apple II, makina amene anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1977. M'mera mpoyamba: popanda nsembe imeneyo, mbiri yonseyi sikanakhalapo.

PULOGALAMU YOYAMBA

Makina a nthawi imeneyo sanali ngati a lero. Ukawayatsa ankangoonetsa kachizindikiro kophethira pagalasi, kudikira kuti mwini wake alembe malamulo m'chinenero chotchedwa BASIC. Mnyamatayo sanayambe ndi masewera okha. Anaona amayi ake akuvutika kulemba ndi dzanja mapepala a ngongole za ogula tofu, ndipo anaganiza zowalembera pulogalamu yoti iziwerengetsa yokha.

M'buku lawo la 2019 lotchedwa How to Speak Machine, Bambo Maeda anasimba mmene ntchitoyo inayendera. Posadziwa njira yachidule, mnyamatayo analemba malamulo a tsiku lililonse la chaka paokhapaokha, mizere yambirimbiri yofanana. Atasonyeza mphunzitsi wake monyadira, mphunzitsiyo anamuuza za lamulo lobwereza, limene akatswiri amalitcha loop. Lamulo limeneli limauza kompyuta kuti ichite chinthu chimodzi ka 365, kapena kangati konse munthu angafune, m'mizere yowerengeka chabe. Ntchito yonse ija inafupika nthawi yomweyo.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, chidwi cha mwanayo chinakula chifukwa chinali ndi vuto lenileni loti chithetse, vuto la pakhomo pake. Chachiwiri, khama lokha silinamfikitse pa njira yachidule, panafunika mphunzitsi. Mwana wodziphunzitsa yekha amatha kupita patali, koma nthawi zambiri amayenda ulendo wa masiku khumi pamene panali njira ya tsiku limodzi.

BUKU LA M'LAIBULALE

M'chaka cha 1984 mnyamatayo analowa pa Massachusetts Institute of Technology, sukulu yotchuka ya zaumisiri imene anthu amaitcha MIT, kukaphunzira sayansi ya makompyuta. Chaka chomwecho kampani ya Apple inatulutsa kompyuta ya Macintosh, imene inazoloweretsa anthu wamba kulamula makina posankha tizithunzi m'malo molemba malamulo. Tizithunzi tambiri ta makinawo anajambula Mayi Susan Kare, amene anaphunzira zaluso osati zamakina. Iwo ankayamba papepala la timabokosi, kudetsa kabokosi aka ndi kusiya ako, pa bwalo la timadontho 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, mpaka patuluke chithunzi cha bini ya zinyalala kapena wotchi ya pamkono. Umenewo unali umboni wakuti ntchito yatsopano yabadwa, yofuna diso la wojambula m'kati mwa makina.

Pa MIT Bambo Maeda anadziwika kuti amatha kujambula tizithunzi ta pakompyuta, ndipo iwo eni ankadziyesa katswiri. Koma tsiku lina anapeza m'laibulale buku la Bambo Paul Rand lotchedwa Thoughts on Design, lotuluka m'chaka cha 1947. Bambo Rand ndiwo anajambula zizindikiro za makampani akuluakulu monga IBM, UPS ndi ABC. Powerenga bukulo, mnyamata uja anaona kuti munthu wogwira ntchito ndi lumo, pepala ndi utoto ankadziwa zinthu zimene iye, ndi makina ake onse, sankazidziwa: kusiya malo opanda kanthu kuti diso lipume, kulinganiza cholemera ndi chopepuka, kunena chinthu chachikulu ndi mizere yochepa. Anazindikira kuti ankadziwa chipangizo, koma luso lenileni anali asanaliyambe.

Pa sukulu yomweyo panali Mayi Muriel Cooper, mphunzitsi amene anatsogolera ntchito yofufuza mmene zilembo zingaonekere ndi kuyendera pagalasi la kompyuta. Monga Bambo Maeda amanenera, mayi amenewa anawalangiza kuti ngati afunadi dizaini, achoke apite kusukulu ya zaluso. Atatsiriza madigiri awo awiri, anatero.

MWANA WA NG'ONA SAKULIRA DZIWE LIMODZI

Anapita ku Japan, ku yunivesite ya Tsukuba, kumpoto chakum'mawa kwa Tokyo, kumene anaphunzira dizaini mpaka kulandira digiri ya udokotala. Taganizani, awerengi, kulimba mtima kumene kunafunika. Munthu wokhala ndi mapepala a MIT akanatha kulowa ntchito ya malipiro abwino tsiku lomwelo. Koma iwo anabwerera pa mpando wa wophunzira, nagwira pepala, inki ndi burashi pamodzi ndi anthu amene anawaposa kutali pa luso la manja. Kumeneko anaphunzira kaikidwe ka zilembo ndi kapangidwe ka mabuku, ntchito zimene sizilola kufulumira. Anapezanso kuti mwambo wa m'fakitale ya atate awo, wobwereza chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku mpaka chikhale bwino, ndi womwewo umene amisiri a zaluso amatsata.

Atabwerera ku makina, anabwerera ndi maso ena. M'chaka cha 1993 mumzinda wa Kyoto anapanga chionetsero cha kompyuta ya anthu: munthu wina anakhala ngati bongo wa makina, wina ngati nkhokwe yosunga zinthu, ena nkumanyamula mauthenga pakati pawo, kuti oonerera aone ndi maso zimene zimachitika mobisika m'bokosi. M'zaka zomwezo za m'ma 1990 anatulutsa timabuku totchedwa Reactive Books, tokhala ndi mapulogalamu ake. M'kamodzi, chithunzi cha ngodya zinayi chimagwedezeka ndi kusintha munthu akalankhula. M'kena, zilembo zimavina munthu akamalemba. Lero mwana aliyense amaona zotere pafoni, koma panthawiyo zinali zachilendo, ndipo ntchitozi zinasungidwa m'nyumba ya zaluso ya Museum of Modern Art ku New York.

KUPHUNZITSA ENA

M'chaka cha 1996 Bambo Maeda anabwerera ku MIT monga mphunzitsi pa Media Lab, natsogolera gulu la ophunzira lotchedwa Aesthetics and Computation Group. Chaka chomwecho anaitana Bambo Rand, ali ndi zaka 82, kudzalankhula kwa ophunzira, ndipo nkhalambayo inamwalira m'mwezi womwewo wa Novembala. Bambo Maeda amasimba kuti atapempha malangizo kwa mkuluyo, anawauza kuti apeze ndalama zambiri, pakuti ntchito zimene munthu amazikonda kawirikawiri sizibweretsa ndalama, ndipo zimadya ndalama. N'zochititsa chidwi kuti mkulu wa ojambula ndi wopanga tofu uja anagwirizana pa mfundo imodzi: luso liyenera kudyetsa mwini wake.

Monga mphunzitsi, anaona vuto limene iwo eni anadutsamo, koma lochokera mbali ina. Ojambula ambiri ankaopa kulemba mapulogalamu, ndipo ankangogwiritsa ntchito zipangizo zopangidwa ndi ena, motero ntchito zawo zinkafanana. Pofuna kuthetsa mantha amenewa, m'chaka cha 1999 anatulutsa Design By Numbers, buku pamodzi ndi chinenero chaching'ono cha kompyuta. Wophunzira ankapatsidwa kabwalo kakang'ono ka timadontho, wopanda mitundu ina koma kuyera, kuda ndi zapakati pake, kuyambira 0 mpaka 100. Malamulo ake anali ochepa ndi omveka: sankha pepala, sankha cholembera, lemba mzere, bwereza. Lamulo lobwereza lija, limene mnyamata wa ku Seattle analidziwa mochedwa, linaikidwa pakati pa maphunziro oyamba.

Awiri mwa ophunzira awo, Bambo Casey Reas ndi Bambo Ben Fry, anakulitsa ganizoli, ndipo m'chaka cha 2001 anayamba chinenero cha Processing, chimene aliyense angathe kuchitenga pa intaneti kwaulere. Masukulu ambiri a zaluso pa dziko lapansi aphunzitsira ana awo ndi chinenero chimenechi, ndipo pulogalamu yolembera malamulo a timakina ta Arduino, toyamba ku Italy m'chaka cha 2005, inamangidwa pa maziko ake. Motero chidwi cha mwana mmodzi chinatsegulira khomo ana ena osawerengeka.

M'chaka cha 2006 anatulutsa buku lina, The Laws of Simplicity, la malamulo khumi, lophunzitsa kuti chipangizo chabwino ndi chimene wachotsamo mwanzeru zonse zosafunika. Aliyense amene anasowapo chochita pamaso pa makina a mabatani ambirimbiri akudziwa kufunika kwa chiphunzitso chimenechi.

MPANDO WAUKULU ULI NDI MINGA

Sitingakhale oona mtima tikanena kuti njira yonse inali yosalala. M'chaka cha 2008 Bambo Maeda anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Rhode Island School of Design, sukulu yakale ya zaluso yokhazikitsidwa m'chaka cha 1877 mumzinda wa Providence. Anafika pamene chuma cha dziko lonse chinali kugwa, ndipo anayenera kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito. Kusamvana kunabuka, mpaka m'chaka cha 2011 aphunzitsi ambiri a pasukulupo anaponya voti yosonyeza kuti alibe chikhulupiriro mwa iwo. Anakhalabe pa mpandowo kufikira kumapeto kwa 2013. Kutsogolera anthu ndi luso lachitatu, losiyana ndi masamu ndi zojambula, ndipo nalonso limaphunziridwa movutikira.

Ali pa mpando umenewo anadziwika ndi mfundo imodzi. Ku America kunali kulimbikitsidwa maphunziro anayi, sayansi, umisiri wa makina, uinjiniya ndi masamu, amene amawafupikitsa kuti STEM. Bambo Maeda analimbikira kuti pa anayiwo awonjezepo zaluso, dzinalo likhale STEAM. Tinganene kuti mwana uja anali kubwezeretsa mawu amene anasiyidwa pa kauntala ya tofu.

KUMENE NTCHITOYI YAFIKA

Atachoka pasukulupo analowa m'makampani. M'chaka cha 2014 anapita ku Kleiner Perkins, kampani ya ku California yoika ndalama m'mabizinesi ongoyamba. Mu 2016 anapita ku Automattic, eni ake a WordPress.com, kumene anthu ambiri amamangira masamba awo a pa intaneti. Ndipo pambuyo pake analowa ku Microsoft kukayang'anira za dizaini ndi nzeru zopangidwa ndi makina. Kuyambira 2015 anayamba kutulutsa lipoti la chaka ndi chaka lotchedwa Design in Tech.

M'malipoti amenewa anasiyanitsa mitundu itatu ya dizaini, ndipo mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchitoyi ayenera kuidziwa. Woyamba ndi wakale, wa mipando, mabuku ndi zikwangwani: mmisiri amamaliza, chinthucho n'kutuluka m'manja mwake. Wachiwiri ndi wa kaganizidwe, wothandiza kampani kumvetsa zosowa za anthu isanapange kanthu. Wachitatu ndi wa pakompyuta, umene sutha konse. Pulogalamu ya pafoni imatuluka lero, mawa anthu mamiliyoni aigwiritsa ntchito, ndipo mmisiri amaona pamene akukhumudwa, nakonza, natulutsanso. Wopala mpando amakondweretsa mwini nyumba mmodzi. Wokonza pulogalamu ayenera kuganizira wophunzira ndi wosaphunzira, wakhungu ndi wopenya, wa foni yodula ndi wa foni yotsika mtengo.

Masiku ano makina ayamba kujambula okha zithunzi munthu akangowauza ndi mawu. Ena akuti izi zathetsa ntchito ya wojambula. Koma mbiri imene tafotokozayi ikutichenjeza kuti tisafulumire. Munthu amene chuma chake chonse ndi kudziwa chipangizo chimodzi ndiye ali pangozi, pakuti zipangizo zimasintha. Apple II ya mnyamata uja lero ili m'nyumba zosungira zakale. Chimene sichikalamba ndi diso lodziwa kusankha chabwino pakati pa zithunzi zana, ndi mtima wodziwa chimene munthu wamba akuvutika nacho.

MAWU KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Tsono tibwerere ku funso lathu. Kodi chidwi cha mwana pa kompyuta chingasanduke ntchito? Chingathe ndithu, koma pali zofunika.

Inu makolo, yang'anani ngati mwana wanu akupanga kanthu kapena akungodya zopangidwa ndi ena. Ngati akupanga, mpatseni ntchito yeniyeni ya pakhomo: akonze mndandanda wa mitengo ya m'golosale, alembe dongosolo la ngongole, ajambule chikwangwani cha chigayo. Mfunireni mphunzitsi kapena mmisiri womposa, kuti asataye miyezi pa chinthu cha tsiku limodzi. Ndipo aphunzitsi akakuuzani kuti mwana amakhoza masamu ndi zojambula, mukasimbe zonse ziwiri, iye akumva.

Inu achinyamata, musanyozere masamu poti mumajambula, ndiponso musataye pensulo poti mwadziwa makina. Phunzirani kulemba malamulo a kompyuta, ngakhale pang'ono, kuti musakhale akapolo a zipangizo za ena. Jambulani papepala tsiku lililonse. Yang'anitsitsani zikwangwani za m'misewu, mapepala a kuchipatala ndi mindandanda ya pafoni, ndipo dzifunseni chifukwa chake china chimamveka msanga pamene china chimasokoneza. Mukapanga kanthu, kapatseni agogo anu ayese, inu mukhale chete ndi kuona pamene akukakamira. Sungani ntchito zanu zabwino pamodzi, pakuti pa ntchito imeneyi olemba anthu amafunsa zimene munapanga asanafunse mapepala anu.

Kuchokera pamene Bambo Maeda analowa pa MIT kufikira pamene anabwererako monga mphunzitsi panapita zaka 12, ndipo zambiri mwa zakazo anazithera pa mpando wa wophunzira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene afuna ntchitoyi awerengeretu zaka zimenezo asanayambe ulendo.